Mpendero wa Diresi Lachikasu

6 Okutobala

Okondedwa Amake Kansingano,

Landirani moni wochuluka. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu kusukulu ya unamwino kuja. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa layamba kuswa mtengo. Chipinda chomwe ndikugona chili pamwamba penipeni, pansi pa malata, moti masana chimasanduka uvuni. Muli bedi, mpando wa miyendo itatu ndi msomali wokolekapo jekete. Pazenera ndimaona khoma la nyumba ina basi.

Nkhani yabwino ndi yakuti ntchito ndaipeza. Masabata atatu aja ndinayenda mpaka nsapato yakumanja inayasama, koma tsopano ndalowa m'sitolo ya madiresi. Musaseke ndikakuuzani: ndi madiresi akale. Osati kaunjika wathu uja wosankha mutawerama, ayi. Kuno diresi likamakalamba ndiye mtengo wake umakweranso. Lomwe inu mukanaling'amba kuti muzikolopera, kuno amaliveka chidole pazenera n'kuliyatsira getsi. Nyengo yotentha ino azimayi olemera akulimbirana madiresi opepuka a maluwamaluwa, amene anasokedwa ife tisanabadwe, ndipo limodzi lokha mutha kugulira mbuzi zitatu. Kuyenda kumaonetsadi agalu a michombo.

Eni sitolo ndi mayi aatali, oonda, amene magalasi awo amalendewera pachifuwa ndi katcheni. Antchito amawatchula Mayi Magalasi, eni ake osadziwa. Diresi lanu lachikasu lija, lomwe munandipatsa kuti ndizionetsa anthu luso la manja anga, ndi lomwe landitsegulira khomo. Atangoliona anayamba akhala kaye pansi. Zambiri ndidzakuuzani ndikadzabwera.

Ndalama ndatumiza dzulo. Musadabwe kuti zabwera mwezi usanathe, zangochitika choncho. Mupereke zonse kusukulu kuti Kansingano alembe mayeso omaliza mtima uli m'malo. Makina anga muziwathira mafuta Loweruka lililonse ndi kuwafunditsa nsalu. Sizasi yaikulu ija musawabwereke alamu anga ngakhale abwere akulira, paja tsiku lija anadulira waya.

Chinanso, mundilembere bwinobwino m'mene mumapangira madzi a mandimu aja, amene munkandibweretsera pakhonde ndikamasoka masana. Zaka zonsezi ndangokhala ndikumwa osafunsa. Mundiuzenso muyezo wake munthu akafuna kudzaza ndowa.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Kansingano

29 Okutobala

Amake Kansingano,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti bondo likupepuka ndiponso kuti dzina la mwana lili kale pa ndandanda wa olemba mayeso. Ine ndili bwino, kupatula zala zomwe zasupuka pang'ono. Si kanthu, mwina ndi singano za kuno.

Malangizo anu ndawatsata ngati mwana wa sukulu. Ndimayamba ndagubuduza mandimu patebulo ndi chikhato mpaka afewe. Makoko ndimapala mopepuka, osafika poyera powawa paja, n'kuwasakaniza ndi shuga, kusiya mpaka shugayo anyowe yekha. Kenako kufinya, kusefa ndi kansalu koyera, ndi kamchere ka pansonga pa zala. Kamchere kameneka ndiye kanali chinsinsi chanu eti? Zaka makumi awiri ndi zitatu mukundibisira, ine n'kumati ndi dzanja lanu lokha! Aliyense amene walawa akuti sanamwepo otere. Mwafunsa kuti munthu mmodzi ndikufuniranji ndowa yathunthu. Anzanga a kuntchito nawonso amamva ludzu.

Mnzanga weniweni pano ndi mayi wina wachikulire amene amasita zovala kuseri. Timangomuti Wosita. Lilime lake ndi lotentha kuposa simbi yake, koma mtima ndi wabwino, ndipo ndi amene wandiphunzitsa kachitidwe ka m'sitolo muno. Diresi lililonse limakhala ndi kakhadi komangirira ku batani. Pakakhadipo Mayi Magalasi amalemba ndi dzanja lawo mbiri ya mwini wake woyamba: uyu ankaimba m'hotela, uyu anavala ili tsiku limene anakwera sitima koyamba, uyu anadikira mwamuna wake zaka zisanu ndi ziwiri. Ogula amayamba awerenga kakhadi asanakhudze nsalu, ena mpaka misozi lengelenge. Wosita akuti, "Achimwene, pano sitigulitsa nsalu ayi, timagulitsa akufa. Mwini diresi akakhala kuti akupuma, limenelo ndi kaunjika basi." Ndinaseka nawo, koma tsiku limenelo chakudya sichinandilowe.

Mwafunsanso kuti ndikusoka zotani. Timabatani, ting'onoting'ono. Mlendo sayambira kudula suti, muyenera kudziwa zimenezi.

Denga la kukhitchini musalichedwetse, mvula isatipeze tili manja lende. Mufunse mtengo wa malata awiri mundiuze. Mtengo wa mandimu uli kuseri kwa nyumba uja muziuthirira, ndipo ana a oyandikana nafe asiye kugenda zipatso zake. Ndazindikira mochedwa kuti ndi chuma chimenecho.

Ndine wanu,
Bambo a Kansingano

21 Novembala

Amake Kansingano,

Moni. Ndili bwino, ndipo ndikhulupirira kuti inunso muli choncho.

Ndiyambe ndi nkhani ya woyendetsa lole uja, mkamwini wa oyandikana nafe, popeza ndikudziwa kuti wafika kale kumeneko ndipo pakamwa pake palibe chitseko. Inde, anandiona. Ndinali nditaima pakhomo pa sitolo, nditavala epuloni ya mizeremizere ndi kachipewa ka udzu, ndikuthira madzi a mandimu m'matambula. Ndiyo ntchito yanga imeneyo. Mayi Magalasi amafuna kuti ogula azilowa ali ndi chozizira m'manja, kuti asamathamangire kutuluka. M'mawa ndimafinya, masana ndimathira ndi kumwetulira, poweruka ndimatsuka majagi. Makina osokera ali kuchipinda cha kuseri, ndimangowaona podutsa ndi ndowa. Zala zija si singano ayi, ndi mandimu. Ine, telala amene ndinasoka mayunifolomu a sukulu yathunthu!

Munthuyo atandiitana ndi dzina kuchokera kutsidya kwa msewu, ndinayang'ana kumbali ngati sindikumva chinenero chake. Anaitananso, anaima, anaima, kenako anapita. Akakuuzani kuti ndayamba kunyada chifukwa cha kuyenda, mumuuze kuti sikunali kunyada. Ndinachita manyazi, basi. Ndipo musamalengeze zimenezi kwa alamu anga, adzandiseka mpaka ndidzafe.

Tsono za diresi. Mwati Kansingano akufuna adzavale lachikasu lija tsiku lolandira satifiketi kumapeto kwa Febuluwale, ndipo ndilitumize msanga kuti mulibweze m'chiuno. Kodi mwanayu chamulowa n'chiyani? Anzake adzabwera atatchena zamakono, iye ndi diresi lomuposa zaka? Adzamuseka. Ine ndimugulira latsopano kuno, la m'bokosi, loti palibe amene analivalapo. Ndiponso katundu akusowa m'njira masiku ano, inu simukumva? Mumuuze asiye makani, ndipo makani amenewa anatengera inu. Nkhaniyi ithere pomwepa.

Makina mukuthira mafuta?

Ine,
Bambo ake

4 Disembala

Mayi,

Moni. Ndili moyo. Kalata yapita ija ndinalemba mutu utatentha, mundikhululukire. Mawu anu aja, akuti mwana akufuna kudzaimirira pamaso pa anthu atavala ntchito ya manja a bambo ake, ndawawerenga kanayi. Sindinkadziwa kuti amaliona motero. Ndathokozanso kuti za epuloni simunasekepo. Mwati mandimu ndi ntchito ngati ntchito ina iliyonse, bola munthu osaba ndi osanama. Ndamva.

Diresi lili kochapitsa. Nsalu zakale amazichapa mwapadera kuno, ndipo zimatenga nthawi. Ndikangolitenga nditumiza.

Za malata ndatumiza. Mmisiriyo muzimuyang'anira, amakonda kusiya misomali ina osakhoma.

Wanu

10 Januwale

Amake Kansingano, mkazi wanga,

Moni ndikupereka, ngakhale sindikudziwa ngati mudzaufunabe mukamaliza kuwerenga. Thupi lili bwino. Makalata anu awiri ndinalandira, ndipo sindinayankhe chifukwa mabodza anandithera.

Mu emvulopu muno mwapeza kansalu kotalika, ka maluwa achikasu, kosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Mwakazindikira kale. Ndi mpendero wa diresi lanu. Khalani pansi ndikuuzeni.

Diresi silinapiteko kochapitsa. Ndinaligulitsa tsiku lomwe ndinalowa ntchito. Ndinafika m'sitolomo nditatha masiku awiri ndi madzi okha m'mimba, ndipo ndinalitulutsa m'chikwama kuti ndinene kuti ndinasoka ndine. Ndisanatsegule pakamwa, Mayi Magalasi analitembenuza n'kuyamba kusisita misoko ya mkati. Mukukumbukira kuti amene anandiphunzitsa ntchito anali nkhalamba, ndipo ankatikakamiza kumaliza msoko uliwonse pamanja ndi kukutira mabatani ndi nsalu. Mayiwo anati, "Ili ndi la zaka makumi asanu ndi limodzi, mwinanso kuposa. Atelala a masiku ano sangathe izi, n'chifukwa chake sindiwalemba ntchito. Linali la ndani?"

Apo ndiye panali ponena zoona. Koma ndinaona khomo likutsekeka, ndinaonanso mayeso a mwana. Ndinati, "Linali la dona wina amene amayi anga ankamugwirira ntchito. Anamwalira kalekale." Anafunsa za telala wake. Ndinati nayenso anatisiya. M'kanthawi kochepa ndinakuikani m'manda, ine n'kudziponya momwemo. Analemba kakhadi ine ndikuona, anandipatsa ndalama zija munapereka kusukulu, ndipo anati munthu wodziwa kusamala zinthu zakale ngati ine angathandize pakhomo. Diresi linakhala pazenera masiku anayi okha. Masiku anayi amenewo ndinkafinya mandimu nditalifulatira.

Ndinkadzinamiza kuti tsiku lina ndidzamupeza amene anagula n'kuliwombola. Lachiwiri lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndinakweza maso kuti ndipereke tambula, ndipo ndinakuonani mukubwera mumsewu. Inuyo, monga tsiku lija munalivala koyamba, kamphepo kakulikupiza m'munsi. Jagi linatsala pang'ono kundipulumuka. Anali mtsikana wina wa chipewa chachikulu, msinkhu wa Kansingano. Anamwa madzi anu a mandimu atavala diresi lanu, n'kuyamikira zonse ziwiri kwa ine. Anati, "Bambo, ndimalikonda kwambiri ili. Ndikalivala ndimawaganizira malemuwo, ayenera kuti anali munthu wokondedwa. Kungoti ndi lalitali, kutenthaku ndikufuna lizilekeza m'mawondo. Komanso taonani m'munsimu, wina wake anasoka mokhotakhota ndi ulusi wolakwika."

Msoko wanu uja, Amake Kansingano. Muja munalitsitsa muli ndi pakati, mimba italikweza kutsogolo, ulusi wachikasu utatha m'nyumba. Ndinkakusekani kuti mwasoka ngati padutsa nkhuku yoledzera, inu n'kuti ndikadzaukhudza msokowo ndidzagone kukhitchini.

Waganyu amene amabwera kudzakonza zovala m'sitolomo sanabwere tsiku limenelo, ndiye Mayi Magalasi anati, "Inu paja mumatha kusokerera mabatani, simungadule apa?" Miyezi itatu ndikulirira makina, ndipo ntchito yanga yoyamba inakhala imeneyi. Ndinagwada, ndinaika mapini, ndinalemba ndi choko. Ndikanatha kunena pamenepo. Wosita, amene ndinamuuza zonse kalekale, anandibweretsera sizasi n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, manyazi anapha lambe. Tsegulani pakamwa." Ine ndinangozyolika n'kulandira sizasiyo. Ndinadula bwino, mowongoka, ndipo chimenechi ndi chomwe chikundichititsa manyazi kuposa zonse. Mtsikanayo ananyamuka akusangalala, ndipo Mayi Magalasi anandiyamikira kuti ndili ndi dzanja.

Kansaluka ndinakatola m'bini anthu atatembenuka. Madzi akatayika sawoleka. Mwana mumuuze nokha, kapena mumupatse kalatayi adziwerengere kuti adziwe bambo ake. Sindikupempha kuti muyankhe.

Ine amene ndakulakwirani

27 Januwale

Amake Kansingano,

Moni. Sindinamve kanthu kuchokera kumeneko, ndipo n'zomveka. Ndangoti mudziwe kuti ndili bwino ndipo za mwezi uno ndatumiza. Denga likuti bwanji ndi mvula? Nanga bondo?

Dzulo ndinachulutsa mchere. Ogula anakwinya nkhope ndipo ndowa yonse tinataya m'ngalande. Wosita akuti ndikapitiriza chonchi azindisita ineyo, chifukwa ndakwinyika kuposa zovala zake.

Tsiku la mwana ndikulidziwa. Ndi mwezi umodzi kuchokera lero.

Ine

9 Febuluwale

Amake Kansingano,

Moni, ndipo ulendo uno ndikupereka nditagwada. Thupi lili bwino. Kalata yafika Lolemba. Nditaona kuti pa emvulopu ndi dzanja la mwana, osati lanu, ndinaisunga m'thumba la epuloni mpaka poweruka.

Mwana wandilembera manambala okhaokha: chifuwa, chiuno, mapewa, kutalika. Pansi pake pali mzere umodzi: "Ababa, amayi akuti akufa salemba makalata, ndiye ndalemba ndine." Ndinaseka, ndinaseka, kenako Wosita anandipatsa kansalu kake konyowetsera zovala kuti ndipukute kumaso. Mpendero uja mwaubweza osanenapo kanthu, koma ndamva.

Lachiwiri m'mawa ndinalowa kwa Mayi Magalasi ndisanakhudze ndimu ngakhale limodzi, ndipo ndinawauza zonse. Anavula magalasi, anawavalanso. Anati, "Ndiye kuti bodza lanu ndinalilemba ine ndi dzanja langa, n'kuligulitsa m'dzina langa?" Ndinati inde. Anandikalipira ngati mwana, ogula akumva, ine nditaima pomwepo ndi kachipewa kanga ka udzu m'manja, munthu wa imvi. Kenako ananditengera foni kuti ndimuimbire ndekha mtsikana wa chipewa uja. Mtsikanayo atamva zonse anangofunsa ngati mwini diresi ali bwino. Ndinati bondo lokha ndi lomwe limavuta. Anafuna kulibweza, koma ndinamupempha kuti alisunge. Kansingano ndi wamtali ngati inu, ndipo zomwe ndinadula sizingamerenso. Anabweretsa kakhadi kokha, ndipo ndakaika muno. Mukawerenga za maliro anu, mukasonkhezere moto.

Ngati ntchito idzakhalapobe mwezi wamawa sindikudziwa. Mayiwo sakundilankhula. Koma Lachitatu ndinapeza makiyi a chipinda cha makina ali pafupi ndi majagi anga, ndipo mpaka lero palibe amene wawafunsa. Ndakhala ndikusoka nthawi yopuma masana, zala zikununkha mandimu. Nsalu ya maluwa ngati aja sindinaipeze, ndayenda masitolo asanu ndi awiri, ndiye ndagula yachikasu yopanda maluwa. Mabatani khumi ndi limodzi ndawakutira pamanja monga kale. Lija ndinalisoka ndikukuyezani ndi maso chifukwa ndinkaopa kukukhudzani ndi tepi tisanakwatirane, ndipo linakukwanani. Ili manambala ndili nawo onse, koma ndasoka n'kumasula kangapo kuyambira pakolala mpaka pansi. Likamuthina penapake mulikonze inu, sindisekanso.

Phukusi linyamuka mawa ndi woyendetsa lole uja. Ndinamusaka ndekha kumene amaimika galimoto, nditavala epuloni yomwe ija, ndipo ndinamuitana ndi dzina lake anthu akumva.

Mpendero wanu ndaulumikiza m'munsi mwa diresi. Poyamba ndinafuna kuubisa mkati, ndipo mapini ndinali nditaika kale. Ndinawazula. Uli kunja, ulusi wobiriwira ukuonekera kuzungulira ponse, kukhota kwake konse osawongola ngakhale pamodzi. Wina akadzamufunsa mwana tsikulo kuti anasoka mokhota chonchi ndani, adzaloze pomwe mwakhala, anene kuti ndi awo, ali moyo.

Ndine, ngati mukundifunabe,
Telala wanu